Chala Changa pa Lole ya Alamu

Nthawi ya Chitaganya ndinkatsuka magalimoto a azungu ku bwalo la ndege ku Chileka, ndiye kumudzi ankanditenga ngati makaniko. Ine sindinkakana.

Alamu anga, a Faindi, atagulitsa ng'ombe zawo kuti agule lole yakale ku Lirangwe, ananditenga. "Alamu, maso anga ndinu," anatero.

Mwini loleyo anali mkulu wa mpingo wathu. Anati dzimbiri lonse analipala n'kuwotcherera zitsulo zatsopano. Penti inkawaladi. Ndinazungulira ndikugogoda ngati wodziwa, kenako ndinadina m'munsi mwa chitseko. Chala chinalowa chonse! Mkatimo munali chiguduli chomata ndi phula.

Ndinaopa kuti anena kuti ndaboola galimoto ya eni. Komanso ndikanayamba bwanji kutsutsa munthu wotilalikira Lamulungu? Ndinangotsamira pomwepo, bondo litatseka bowolo, mpaka mwendo kuchita dzanzi.

"Ili bwanji?" alamu anafunsa.

"Chitsulo chenicheni ichi," ndinayankha.

Alamu anagula loleyo. Mvula itayamba, pansi pa lole panabooka iwo ali ku Mdeka, matumba a chimanga cha eni n'kugwera m'matope. Loleyo inathera kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Khola la ng'ombe silinadzazenso.

Alamu sanandidzudzulepo. Mpaka kumwalira kwawo ankauza anthu kuti, "Mkulu uja anamata mwaluso. Ngakhale alamu angawa, odziwa magalimoto, sanaone kanthu."

Ine ndinkangovomera ndi mutu, chala chija nditachibisa m'thumba.