Amalume Avulira Tonde Chipewa

Mwaswera bwanji nonse? Imvani zomwe ndaona ku Boma lero.

Ndimaperekeza amalume a Yotamu kukagula mbewu. Titafika pamsewu wa nyumba zakale za njerwa zofiira uja, pa ofesi ya Bwana Disi wa nthawi ya atsamunda, anatsika njinga, kuvula chipewa, n'kumayenda chowerama. Akuti agogo awo anakwapulidwa pomwepo chifukwa chodutsa atavala chipewa, ndiye anasiya mawu oti wa mtundu wathu asadzayerekezenso.

Abale, nyumbayo ilibe ndi denga lomwe! Pakhonde panali tonde, akutafuna katoni.

Tsoka ilo, panali alendo ojambula nyumba zakale. Ataona amalume, nawonso anavula zipewa. Mayi wina, posowa chipewa, anavula wigi. Tonde uja anangotiyang'ana ngati udindowo anauzolowera kale.

Ndinati, "Amalume, Bwanayo anapita kalekale."

Iwo amvekere, "Anakutsanzika iweyo?"

Pano akuti Loweruka tibwere ndi ana onse adzaphunzire kadutsidwe kake. Angawa sapita, ndaneneratu. Agogo anakwapulidwa tsiku limodzi, ife tiwerama mpaka liti? Inu mukuti bwanji?