Makope a Maziko

A Angelina anayamba kumuona bwino mayi wina wogulitsa pamsewu tsiku limene anagula mtedza wake pa siteji ya maminibasi opita ku Chigumula, mu Limbe. Ogulitsa anzake ankakuwa kuitana makasitomala, iye ayi. Ankangopinda pepala n'kuthiramo mtedza, maso ali pansi. Atafika kunyumba n'kutha mtedzawo, a Angelina anatambasula pepalalo. Linali la m'kope la mwana wa sukulu. Zilembo zina zinayang'ana kumbuyo, mawu ena anadukira pakati, ndipo cholembera chofiira cha aphunzitsi chinakhwatcha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma m'mphepete mwake munali minibasi yojambula ndi pensulo, kondakitala atasuzumira pawindo, dzanja lili m'mwamba. Inawakomera moti sanalitaye pepalalo. Analiika m'buku lawo lakale la nyimbo za kutchalitchi, n'kuliiwala.

Patapita masiku anakumana naye pampopi, n'kudziwa kuti amachita lendi kuseri kwa dimba la chimanga loyandikana nawo. Dzina lake linali Vailet. Chimwalirire amuna awo, a Angelina sankacheza ndi anthu kwenikweni, mwina n'chifukwa chake Vailet anawakhulupirira: anaona kuti ndi munthu wosatulutsa mawu. Makolo a Vailet anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, iye anabadwira ku Muloza, ndipo sukulu analekezera Sitandade 5. Amuna ake, a Paston, anali mlonda pa nyumba ina yosungira katundu mu Limbe. Mwana anali mmodzi, Maziko, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene ankabwereza Sitandade 3.

Nyimbo Maziko ankaimva kamodzi n'kuigwira yonse. Koma akamuikira buku patsogolo, thukuta kamukamu. Bambo ake ankati ndi ulesi, ndipo Loweruka lililonse ankaitanitsa makope, lamba ali pambali. Choncho Lachisanu likafika, Vailet ankang'amba masamba onse okhwatchidwa n'kupita nawo kumsika. Tsiku lina anauza a Angelina, akuseka kuseka kosafika m'maso, kuti manyazi a mwana wake Limbe yense anawadyera mtedza.

Chaka chimenecho kalasi ya Maziko inalandira mphunzitsi watsopano, a Afisa. Iwo anaitana Vailet n'kumuuza kuti mwanayo si mbuli, koma mwina ali ndi vuto lotchedwa disilekisiya, limene limasokoneza zilembo m'maso mwa munthu wanzeru bwinobwino. Anati katswiri woyeza ana otere amabwera kamodzi pa teremu pa sukulu ina ya mu Limbe, ndipo analemba kalata yoti Maziko apite ndi makope ake onse a chaka chino. A Paston atamva anavomera, koma anadula mawu: katswiriyo akapanda kupeza kanthu, mwana ndi mayi ake apite ku Muloza, akaphunzire khasu.

Loweruka masana Vailet anaodira pakhomo pa a Angelina atanyamula makope atatu atsopano, ndi ena obwereka kwa mwana wa eni nyumba.

“Amayi, inu munafika ku sekondale, dzanja lanu ndi labwino. Mundikopereko izi. Ake aja kwatsala zikuto zokhazokha.”

“Koma amake Maziko, kodi katswiriyo sakufuna kuona zimene mwanayo amalemba?”

“Ndipite kwa anthu ophunzira ndi zikuto? Andiyesa mayi wotani? Mwana akamapita kwa adokotala timamusambitsa, si choncho?”

A Angelina anadziwa mumtima kuti izi si zoona, koma analandira makopewo, pakuti kukana munthu wowayang'ana m'maso kunkawavuta nthawi zonse. Anakhala pamkeka masiku atatu akulemba zilembo zikuluzikulu, zoongoka, ngati za mwana wakhama. Vailet naye anamulowezetsa Maziko yankho limodzi: akakufunsa, uziti ndalemba ndine.

Tsikulo litafika anapita onse atatu: a Angelina, Vailet ndi Maziko. Pakhonde panali makolo ambiri, aliyense ndi jumbo ya makope onyansa, opindika makona. A Angelina ataona makope amenewo, anayang'ananso oyera aja amene analemba iwo. Katswiriyo, bambo wofatsa wa imvi pang'ono, anatsegula kope loyamba, n'kutsegula lachiwiri, kenaka anafunsa Maziko amene analemba. Mwanayo anayankha monga anamuphunzitsira. Atamupatsa pensulo kuti alembe dzina lake lokha, anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana zilembo zokongola zija, pensulo n'kugwa. Analira mosatulutsa mawu, ndipo sanagwirenso chilichonse. Bamboyo sanakalipe. Anangoti sangalembe lipoti pa mwana amene sanaone dzanja lake, abwerenso teremu yamawa ndi makope enieni, ngakhale oipa chotani. Kenaka anaitana wotsatira.

A Paston atamva kuti palibe pepala lililonse lochokera kwa katswiri, sanafune kumva za teremu yamawa.

Lamulungu lotsatira, a Angelina akufuna nyimbo ina m'buku lakale lija, pepala linagwa pansi. Mafuta a mtedza anali atalowerera, koma zonse zinalipo: zilembo zotembenuka, mizere yofiira, minibasi ija. Anakhala nalo m'manja mpaka belu la tchalitchi linasiya kulira.

A Angelina anakapeza Vailet ndi Maziko mmawa wa Lolemba pamsewu, akudikira galimoto yopita ku Mulanje, chikwama ndi chiwaya chokazingira mtedza zili pansi. Maziko anali atakhala pachikwamapo, akulemba pafumbi ndi kamtengo. A Angelina anatulutsa pepalalo n'kunena motsitsa kuti mwina a Afisa angakalionetse kwa katswiri uja, mwina kukadali mpata. Vailet analitenga, analiyang'ana nthawi yaitali, chala chake chikutsata minibasi ija. Kondakitala anali atayamba kale kukweza katundu. Vailet analipinda pepalalo bwinobwino, monga ankapindira la mtedza, n'kulibweza m'manja mwa a Angelina.

“Sungani inu, amayi. Kumene tikupitaku palibe adzalifunse.”