Zenobia Analowa Mumgodi wa Amuna

"Mkazi salowa mumgodi, Zenobia. Phiri limachita nsanje, siliva amathawa, ndipo amuna adzakugenda."

Anatero agogo ake, a Eulogia, akutafuna masamba a koka, ochotsa njala ndi kutopa, pakhomo pawo ku Potosí, mzinda wa migodi ya siliva.

Mwezi umenewo bambo ake a Zenobia Colque, a Fermín, anali atafera pansi mumgodi. Nyuzipepala inalemba mzere umodzi: chidakwa chagwera m'dzenje. Chonsecho munthuyo sankamwa. Kachasu ankangothira pansi polowa, kupepesa phiri monga achitira onse, ndiye fungo linatsalira pansapato.

Mtsikanayo anali atalephera mayeso kawiri, ati Chisipanishi chake chinkamveka ngati Chikechuwa, chilankhulo cha kunyumba. Ankatola miyala kunja kwa mgodi limodzi ndi amayi amasiye, zala zitang'ambika ndi chisanu.

Anameta tsitsi, navala chisoti cha malemu, nalowa mumgodi kukafufuza za imfa ya bambo ake, kope lili m'malaya.

Anamuzindikira ndi a Hilarión, mnzawo wa malemuwo.

"Iwe mwana wa Fermín, ukufuna kutiphetsa?"

"Amalume, mitengo yochirikiza dengayi anaiwoletsa ndi mkazi?"

Mkuluyo analavula koka, namutsogolera pamene mtengo unathyokera bambo ake.

Atapita nazo zimene analemba, mkonzi wa nyuzipepala ija anamuseka: "Chemwali, kagulitseni mbatata." Sanagulitse. Anapita ku mzinda waukulu wa La Paz, n'kukhala mtolankhani wolemba ngozi za mabasi zaka zisanu ndi zinayi, uku akuluka buku lonena za munthu wonamiziridwa ali m'manda. Osindikiza anayi analikana. Wailesi ya ogwira ntchito m'migodi ndiyo inayamba kuliwerenga, mutu umodzi patsiku, mpaka osindikizawo anadzamufuna okha.

Musaganize kuti agogo ananama, ana anga. Mwala unamupezadi Zenobia pachipumi, chipsera chilipo. Ena mpaka lero samupatsa moni.

Koma nyuzipepala ija inalembanso za a Fermín, patsamba loyamba. A Eulogia, osadziwa kuwerenga, anaika chala papepala.

"Dzina la mwana wanga ndi ili?"

"Ndi lomwelo, agogo."

"Nanga mawu oipa aja?"

"Palibe."

"Chabwino. Usakalowenso."

"Lachiwiri ndikalowa. Mumgodimo muli amuna ena atatu oti ndiwalembe."

Zoopsa zilipo, ndipo musazipeputse. Koma akakunamizirani wanu amene sangathe kudziyankhira, musabwerere pakhomo. Njenjemerani, koma lowani.