Mkanjo wa a Amosi

Ukafika pa siteji ya makabaza ku Chinsapo n'kufunsa za a Amosi, anyamata amangoyang'anizana. Koma ungoti "Yesu", onse amaloza bambo wina wowonda, wandevu, amene amakhala payekha akupukuta njinga yake yamoto. Dzinalo iwo amadana nalo. Ine ndayandikana nawo nyumba kwa zaka zambiri, ndipo sindinawamvepo akuliyankha.

Anabadwira ku Dowa, n'kubwera m'tauni ali mnyamata kudzanyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Msana utayamba kukana, anasiya ntchitoyo n'kulowa kabaza. Akazi awo, mayi Mirriam, amagulitsa mandasi pamsewu. Chimene chinawatchukitsa a Amosi ndi ndevu basi. Chaka china kutchalitchi kwathu kunkafunika munthu woti akhale Yesu pa sewero la Njira ya Mtanda, lija timayenda nalo mumsewu Lachisanu Loyera. Akatekisiti, a Medson, anayang'ana abambo onse, ambiri mimba zili patsogolo, n'kunena kuti Ambuye sanali wonenepa chonchi. Chala chinagwera a Amosi.

Anavomera mwamantha. A Medson anawakhazika pansi n'kuwaphunzitsa kuti Yesu ndi Mulungu weniweni komanso munthu weniweni, osati theka uku theka uko. Za umunthuzo a Amosi anazimva msanga. Mtanda wathu ndi wa bulugamu wauwisi, ndipo anyamata ovala ngati asilikali aja akagwira chikwapu amaiwala kuti ndi sewero. Ludzu, phewa losupuka, maondo ogwa pamiyala, zonsezo ankazidziwa ndi thupi lawo. Tsiku lina anandiuza kuti, "Zoti anatopa ndi kumva ululu, ine ndine mboni. Koma mbali inayo imandiopsa. Ndimavala chovala cha Mwiniwake, pamene ine ngakhale chimfine sindingachichotse."

Mantha awo anali ndi chifukwa. Anthu anayamba kukhudza mkanjo wawo woyera uja akamadutsa. Poyamba anali agogo awiri atatu, kenako amayi oyembekezera, kenako ngakhale anthu a mipingo ina. Wina anati mutu unasiya kumupweteka, ndipo nkhani ya pa Chinsapo siyenda pansi, imauluka. A Amosi anakadandaula kwa a Medson kuti tsiku lina munthu adzafa akudikira mkanjowo. A Medson anawayankha kuti anthu akungosonyeza chikhulupiriro, ndipo anawakumbutsa lamulo la sewerolo: Yesu akanyamula mtanda sayankhula mawu akeake, amangonena olembedwa okha mpaka atapachikidwa.

Chaka chatha, Lachisanu Loyera kunali dzuwa loswa mtengo. Tinafika pamalo pamene Yesu amakumana ndi amayi a ku Yerusalemu. Amayi a kwaya anagwada, akulira kulira kwa sewero, ndipo a Amosi anatembenuka kuti anene mawu awo. Pomwepo mtsikana wina anang'amba gulu la anthu n'kudzigwetsa pamapazi awo. Anali Tiwale, wochita lendi kuseri kwa msika, mwamuna wake ali ku Joni. M'manja anali ndi mwana wake Annie, wa zaka ziwiri. Mwanayo anali atauma khosi, maso atatembenuka, timanja tikugwedezeka tokha.

"Abambo, mugwireni," anatero Tiwale, akukokera mpendero wa mkanjo pamutu pa mwanayo. "Wayamba kutentha Lachiwiri. Ndimadikira lero."

Ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona nkhope ya a Amosi ikuchita phulusa. Kwaya inasiya kuyimba. Anthu akumbuyo ankaganiza kuti ndi gawo latsopano la sewero, ena mpaka anakweza mafoni. A Medson anawanong'oneza mawu oti anene: "Musandilirire ine, dzililireni nokha ndi ana anu."

M'malo monena mawuwo, a Amosi anauponya mtandawo. Unagwa ndi phokoso, amayi ena anakuwa, poti chiyambire palibe amene anaonapo Yesu akutaya mtanda pakati pa njira.

"Mwana wanga, Lachiwiri?" anakuwa a Amosi. "Ine ndine Amosi wa kabaza! Ndine munthu ngati iwe! Tiye kuchipatala!"

Tiwale anakakamira mkanjowo osafuna kuusiya. A Amosi anamulanda mwanayo n'kuthamangira kumsewu, kumene mnzawo wina wa pa siteji anaima ndi njinga akuonerera. Anamukankha, n'kukwera okha, Tiwale n'kudumphira kumbuyo mwana ali pakati. Ananyamuka chisoti chaminga chili kumutu, kumaso kuli utoto wofiira wa sewero. Ife tinatsala mumsewu ndi mtanda wopanda mwini, ndipo palibe anaseka.

Anandiuza pambuyo pake kuti njira yonse ankamva kutentha kwa mwanayo pamsana pawo, ndipo akafika pa bampu ankaopa kuti kutenthako kuzima. Sanathe kupemphera pemphero lililonse lomwe analoweza. Ankangoti, "Inu munaopapo m'munda muja, mukudziwa mmene zimakhalira, musandisiye." Kuchipatala anamwino anayamba athawa ataona magazi kumaso kwawo, kenako anamulandira mwanayo. Anali malungo aakulu. Adokotala anati akanachedwa pang'ono, tikanakhala tikukamba za maliro.

Annie anatsitsimuka Lamulungu la Pasaka, n'kupempha phala. A Amosi atamva analira ngati mwana, mayi Mirriam akuwasisita pamsana. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, ndipo anthu aphunzirapo kanthu. Ndinalakwitsa kwambiri. Pofika madzulo, Chinsapo yense ankati mwana anafa Lachisanu m'manja mwa Yesu n'kudzuka tsiku lachitatu. Za dilipi ndi jakisoni panalibe wozitchula.

Lolemba m'mawa ndinadzutsidwa ndi chifuwa cha munthu panja. Nditasuzumira pampanda ndinaona anthu atakhala pakhomo pa a Amosi: gogo wina ali mu wilibala, mnyamata wotupa mwendo, ndi amayi angapo obereka ana. A Amosi anatuluka atavala jekete yawo ya kabaza, milomo ili gwa. Anawauza kuti mkanjo anakaubweza kutchalitchi ndipo sadzauvalanso. Anawauza kuti amene anali Mulungu ndi munthu ndi mmodzi yekha, iwo anangobwereka zovala. Kenako anati aliyense wofuna amutengera kuchipatala ulere.

Ena anakwera. Ena anachoka akung'ung'udza kuti munthuyu wayamba kudzimva. Pofika masana panatsala mayi mmodzi wochokera ku Mgona, atakhala pansi chotsamira khoma, khanda lili pamiyendo. Khandalo linkapuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, kukhosi kukumveka kaphokoso ngati kachitseko kosathira mafuta.

A Amosi analiza njinga n'kuyiimika patsogolo pake. "Mayi, chonde, kwerani. Mwanayu alibe nthawi."

"Kuchipatala ndinapitako ndi mkulu wake, sanabwereko," anayankha mayiyo mosakweza mawu. "Ndidikira mpaka muvale."

Bambo uja, amene chaka ndi chaka anthu ankamugwadira mumsewu, anagwada pafumbi pamaso pa mayiyo, manja atawagwirizanitsa, misozi ikulowa m'ndevu. Anamupempha, anamulonjeza kuti akhala naye pa mzere mpaka aonane ndi dokotala, anamutchulira dzina la Annie. Mayiyo ankangopukusa mutu, maso ali pa chitseko cha nyumba, kudikira kuti mkanjo utuluke. Kenako a Amosi anatembenukira kwa ine kumpanda kuja.

"Achimwene, thamangani kwa a Medson mukautenge. Ndiuvala. Mwina akandiona nditavala, akwera."

Ndinathamanga mmene sindinathamangirepo, ndipo njira yonse ndinkamvabe kupuma kwa khanda lija m'makutu mwanga.