Ufa Woyera mu Nandolo

Mayi Deliwe amalima ku Nthache, pamunda wotsetsereka womwe anawasiyira amayi awo. Pamundapo pali mitengo ingapo ya manachesi, chimanga, ndi nandolo amene amatsala wobiriwira mapesi onse akauma.

Mu 2014 analowa kalabu ya mabanja khumi ndi asanu. Ogula akunja analonjeza mtengo wabwino wosasinthasintha, koma lamulo linali lakuti nandoloyo asakhudzane ndi feteleza kapena mankhwala ogula, kumunda ngakhale m'nyumba. Munda unkayeneranso kukhala zaka zitatu wopanda mankhwala ogulawo asanatenge thumba loyamba. Madzinja atatu mayi Deliwe anasenza manyowa a m'khola la mbuzi kukwera nawo chitunda. Chaka choyamba chimanga chinachita chikasu, odutsa m'njira n'kumaseka.

Chaka chachinayi, mphepo yotentha ya Seputembala itayamba, anapuntha nandolo, kupeta, n'kudzaza matumba asanu ndi limodzi. Anankafumbwe ankawaletsa ndi phulusa ndi masamba ouma a nimu. Kenaka kunagwa maliro a azakhali awo ku Thambani, ndipo nyumba anaisiya m'manja mwa achimwene awo, a Langton.

Atabwerako patapita masiku asanu, anapeza matumba atasokedwa ndi ulusi wina.

"Chemwali, ndakuthandizani," anatero a Langton. "Ndinaona tizilombo tiwiri pathumba. Ndathiramo ufa wophera tizilombo uja unatsala kuchimanga changa. Phulusa lanulo ndi lotsukira mapoto."

Lole yodzatenga nandolo wa kalabu inali kubwera Loweruka. Nandolo wa mabanja onse amamuthira pamulu umodzi, ogula n'kutapako pang'ono kukapima. Mankhwala akapezeka, kalabu yonse imalandidwa chiphaso chogulitsira kwa ogulawo, ndipo palibe angadziwe kuti achokera m'thumba la ndani.

A Langton anati ufawo umachoka ndi lichero, palibe chifukwa chodziyalutsira. Mayi Deliwe anapeta lichero limodzi kawiri, kuseri kwa nyumba. Ananunkhiza m'manja. Fungo linalipobe.

M'mawa mwake anapita kwa mayi Iness, wapampando wa kalabu, n'kuwapeza akuthirira mbande za manachesi. Anafotokoza zonse ali chiimire. Mayi Iness anatula ndowa pansi.

"A Langton aja ayamba liti kuthandiza anthu? Zaka zonsezi, n'kudzayambira pa inu?"

Onse awiri anaseka pang'ono. Kenaka mayi Iness anati matumbawo sakwera lole, koma munda ulibe mlandu, chaka chamawa adzagulitsa ngati wina aliyense. Anawonjezera kuti nandolo wothiridwayo asamusunge ngati mbewu.

Loweruka mayi Deliwe anapita kumalo okwezera katundu. Anakhala pamphasa n'kusoka matumba a anzawo mpaka lole inanyamuka, fumbi lake n'kutera pamitengo. Matumba a mayi Deliwe anawatengera ku Thambani a Langton, awiriawiri panjinga, kukagulitsa kwa mavenda. Anayenda maulendo atatu. Paulendo womaliza anafunsa chemwali awo kuti nimuyo amamuyanika masiku angati.

Mitambo itayamba kusonkhana chakumalire mu Novembala, amayi a kalabu anabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi mbale ya mbewu. Nandoloyo anali wosiyanasiyana, wina woyera, wina wamawanga. Mayi Deliwe sanamusankhule. Mvula yachiwiri itagwa anamudzala yense pamodzi, njere zitatu paphando, pakati pa mizere ya chimanga.