Uthenga wa kwa Achimwene Unabwerera

Chaka chimene bambo anadwala osadzukanso pamphasa, m'nyumba mwathu ku Mphamba tinatsala awiri, ine ndi iwo. Mayi anali atamwalira kale. Achimwene ankagwira ntchito pa ofesi ya esiteti ya fodya ku Malawi, kupitirira Kasungu, ndipo pochoka anandisiyira adiresi ya imelo ya pa ofesipo, nkundiuza kuti zikavuta ndikatumize uthenga pa kompyuta. Ine sukulu ndinasiyira panjira nditamenyana ndi mphunzitsi, koma kukopera zilembo ndinkatha.

Inali nthawi ya dzinja. Amalonda a ku Kasungu, omwe tinkawatuma mauthenga, anali atasiya kubwera kumsika wa Lundazi chifukwa cha matope, ndipo bambo sindikanawasiya okha masiku ambiri. Ndinapalasa njinga mpaka kuboma, pa kaofesi kena ka mpingo komwe kanali ndi kompyuta. Mayi wogwira ntchito pamenepo analemba zomwe ndinanena: bambo akukufunani, bwerani msanga.

Nditabwereranso anandiuza kuti uthenga wabwerera osafika. Tinatumizanso, unabwereranso. Mayiyo anafotokoza zimene anamva kwa anzake a ku Lusaka: maadiresi a dziko lililonse amathera ndi zilembo za dzikolo, koma za Malawi ankazisunga munthu wina wa kunja, atapatsidwa ndi akuluakulu ogawa mayina a mayiko onse. Amalawi ankazifuna, iye ankakana, ndipo mkati mwa mkanganowo adiresi ya ofesi ya achimwene inasiya kugwira ntchito.

Ndinamenya tebulo mpaka kapu inagwa.

"Amakhala kuti munthuyo? Ndiuzeni, njinga ndili nayo panjapa."

Mayiyo anatola kapuyo, osaseka.

"Kumeneko njinga sifika. Ngakhale ine nkhope yake sindiidziwa."

Ine ndinazolowera kuti wokulakwira umamupeza pakhomo pake. Tsiku limenelo ndinabwerera kumudzi ndikutukwana mitengo ya m'njira.

Madzulo aliwonse bambo ankafunsa ngati wamkulu wayankha. Ndinkawauza kuti uthenga uli panjira, nkuwatembenuza, nkukhala pakhonde kumvera mvula. Anamwalira nkhope italoza kuchitseko.

Achimwene anamva za maliro kwa mayi wina wogulitsa nyemba, msewu utauma. Anafika udzu utamera kale pamanda. Nditawafotokozera za imelo ija, anandifunsa kuti anatsekereza uthengawo ndani. Ndinalibe munthu woti ndimutchule.