Mphete ya m'masipoko a alamu anga

Alamu anga, mwamuna wa malemu mlongo wanga, anakonza njinga zaka makumi atatu m'kachipinda ka malata kuseri kwa msika. Anthu ankangowatchula kuti a Sipoko. Sindinganene kuti anali munthu wofatsa. Ankakalipira makasitomala, ndipo ine sanandipatseko mpando ngakhale tsiku limodzi. Koma ntchito ankaidziwa.

Masipoko othyoka sankataya. Ankawapinda ndi pulayala, nkuwakolanitsa awiri kapena atatu, pakati nkutsekeramo kamphete kachitsulo. Munthu akabwera ndi tayala lophulika ankamupatsa kachinthu kameneka kuti azilimbana nako podikira. "Tulutsani mpheteyo. Osapinda, osakoka. Inalowa mwaulemu, ituluke mwaulemu." Yankho sankauza munthu. Ankati wouzidwa amangodziwa mphete imodzi yokhayo, pamene wovutika yekha amaphunzira kukhala pansi ndi chinthu chomukanika mpaka chitagonja. Dalaivala wina anapita nako kwawo sabata yathunthu nkubwera nako atakawongola ndi hamala. Anamuthamangitsa ndi pampu mpaka pamsewu.

Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mawu anatsekeka. Komabe m'mawa uliwonse mwana wawo wamkazi, yemwe ndi telala, ankawaperekeza ku kachipindako. Ankakhala pa benchi lawo, amisiri anzawo nkumabwera ndi njinga zowavuta, iwo nkumaloza ndi ndodo pamene pali vuto. Madzulo ankatseka okha ndi dzanja lamanzere, kiyi nkuponya m'thumba la jekete. Chimene chinawatsalira chinali chimenecho.

Loweruka lina kunabwera mwana wawo woyamba, wa ntchito ya mu ofesi. Anandipeza ndili pomwepo.

"Amalume, tisanamizane," anatero kwa ine, bambo ake ali kutsogolo kwake. "Madalawa mutu unapita. Akungodya fumbi pano. Andipatse kiyi, azikakhala kunyumba."

"Achimwene, akukumvanitu," anatero mlongo wake.

"Akumva chiyani? Bambo! Lero ndi lachingati?" Anakuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msewu. "Mwaona? Zii."

Alamu anakweza ndodo nkuloza pa msomali pamene pankalendewera kachinthu ka masipoko kovuta kuposa tonse, kamene palibe kasitomala anakamasulapo. Mwanayo anaseka nkukatsitsa.

"Chabwino. Akatulutsa mphete imeneyi, kiyi ndiwasiyira. Amalume ndinu mboni."

Anakulira m'chipinda chimenecho, ndipo ankadziwa bwino kuti kamafuna manja awiri. Alamu anakapanikiza ndi bondo, kanaterereka nkugwa pansi. Anayesanso, kanagwanso. Ine ndinawerama kuti nditole, anandiletsa ndi ndodo. Anakakankha ndi phazi mpaka pa nsapato ya mwana wawo, kenako nkuloza manja ake.

"Ndiye ndigwire ine?"

Alamu anagwedeza mutu kuvomera.

Zinayamba choncho. Mwanayo akatembenuza sipoko molondola, ndodo inkagogoda pa simenti kamodzi. Akalakwitsa, inkagwa pa zala.

"Aa, Bambo, zikupwetekatu!"

"Piriranitu, bwana," anatero mlongo wake. "Zala zazolowera kunyambita mapepala izi."

Amisiri awiri anasiya ntchito nkudzaima pakhomo. Kawiri konse mwanayo anafuna kukoka ndi mphamvu, ndipo kawiri konse ndodo inamupeza. Alamu thukuta linali kamukamu, maso ali pa waya basi. Anamubweza mpaka poyambira katatu, chifukwa njira yake imayamba ngati ukuilowetsa mpheteyo mkati kwambiri. Patapita theka la ola, mphete inagwa pa simenti nkugubuduzika mpaka pansi pa benchi. Mmisiri wina anaimba mluzu.

Mwanayo anayang'ana masipoko amene anali m'manja mwake, kenako nkuwaika pa tebulo.

"Zamasewera izi," anatero. "Malowa ndinapereka kale kwa munthu wogulitsa mafoni. Mapepala ndinasaina iwo ali m'chipatala. Akulowa Lolemba."

Ndinamufunsa kuti nanga ankawayeseranji.

"Ndimayesa alephera, amalume. Zikanaphweka kwa tonse."

Mlongo wake anamutukwana mawu amene sindingalembe pano, ndipo sindinamudzudzule. Mchimwene wakeyo anapisa dzanja m'thumba la jekete la bambo ake, zala zidakali zofiira ndi ndodo, nkutulutsa kiyi. Alamu anamugwira mkono ndi dzanja lamanzere, koma dzanja limodzi la munthu wodwala ndi chiyani? Anangolichotsa ngati akuchotsa ulusi pa malaya.

Lolemba zida zonse zinapita pa wilibala, maulendo anayi. Tsopano alamu amakhala pa mpando pafupi ndi makina osokera a mwana wawo wamkazi, nkhope kukhoma. Mwana wawo woyamba uja amauza achibale kuti anapulumutsa bambo ake ku fumbi, ndipo ena amamuyamikira. Mwezi watha anabwera kwanga ndi mkazi wake kudzandiona. Mkaziyo ndinamupatsa mpando. Iye ndinamufunsa kuti lero ndi lachingati, mokweza, mpaka aneba anasuzumira pa windo.